Tonse Tinkatsokomola m'Shedi

Ndinagwira ntchito yosankha fodya pa esiteti ina ya mbali ya ku Chulu kwa zaka khumi ndi zitatu. Kwathu n'komweko, tsidya la dambo, ulendo wapansi wosakwana ola. M'dzinja ndinkalima munda wanga, koma fodya akauma m'zigafa, mvula ikupita kumapeto, a esiteti ankatiitana kuti tikalowe m'shedi. Tinkakhalamo anthu oposa makumi anayi, ambiri azimayi. Ena tinali a m'midzi yozungulira, ena anali akazi a matenanti ochokera kummwera, amene ankakhala m'tinyumba ta udzu kuseri kwa zigafa.

Bungwe la anthu ogwira ntchito m'maesiteti litafika kwathu, linati pa esiteti iliyonse pakhale munthu mmodzi woyang'anira chitetezo cha anzake. Anzanga analoza ine. Sikuti ndinali wolimba mtima kuposa ena ayi. Sukulu ndinalekezera folomu thuu, choncho kulemba ndinkatha, komanso anthu ankakumbukira kuti tsiku lina ndinakangana ndi a kapitawo chifukwa chotuma amuna kukapopera mankhwala opanda majombo. A bungwe anandiitana ku boma kukaphunzira masiku awiri. Anatiphunzitsa za majombo ndi magolovesi, za zigubu za mankhwala zimene anthu ankatungira madzi akumwa, za chochita chala chikapanidwa ndi jeke, makina odindira mabelo a fodya. Za matenda oyenda ndi mpweya wa munthu sanatchule n'kamodzi komwe.

Chaka choyamba kolona tinkangomumva pa wailesi. Tinkati ndi matenda a m'tauni, a anthu okwera ndege. Chaka chachiwiri chitangoyamba, wailesi inayamba kulengeza maliro a anthu akuluakulu motsatizana, koma ife tinali kalikiliki kuthyola fodya ndi kusoka. Nthawi yosankha itakwana tinalowa m'shedi monga mwa zaka zonse.

Fodya wa m'chigafa safuna mphepo. Akauma kwambiri amathetheka m'manja. Choncho mawindo a shedi ankatsekedwa ndi ziguduli zonyowa, chitseko chinkakhala chotseka, ndipo ife tinkakhala mothithikana pa mabenchi, phewa kukhudza phewa, pansi pa malata oonekera pomwe kuwala kunkalowera. Fumbi la fodya linkayandama m'kuwalako. Aliyense ankatsokomola, aliyense ankayetsemula, ndipo pofika kumapeto kwa sabata yoyamba mawu ankasasa. Tinkachita kuseka kuti munthu wosatsokomola ndiye kuti sakugwira ntchito.

N'chifukwa chake palibe anazindikira kanthu pamene bambo odinda mabelo pa jeke anayamba kutsokomola. Anali bambo achikulire koma amphamvu, mkulu wa mpingo kwathu, okonda kung'ung'udza nyimbo za m'buku akamazunguza chitsulo cha jeke. Anabwera kuntchito masiku atatu akutsokomola ngati ife tonse. Tsiku lotsatira, Lachisanu, dzuwa lili paliwombo, anasiya chitsulo chija n'kukhala pansi atatsamira belo. Ankapuma ngati munthu wothamangitsidwa. Poti wa chitetezo ndinali ine, anthu anandiitana. Ndinagwada n'kuwagwira mutu, thupi lili moto. Ndinatenga kapu ya pulasitiki imene tonse tinkamwera pa mgolo wa madzi, ndinawamwetsa. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amayi, mpweya ukukana kulowa." Nkhope yanga inali pafupi ndi yawo, moti mpweya wawo wotentha unkandiwomba patsaya.

Galimoto ya esiteti inawatengera kuchipatala ku boma. Lachiwiri tinamva kuti atisiya. Mtembo unabwera ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sunalowe m'nyumba, unangolunjika kumanda. Munthu amene anayimbira maliro a mudzi wonse anaikidwa popanda kwaya, popanda wogona pasiwa. Akazi awo anaima patali atagwira pakamwa. Ife tinkasuzumira tili m'chimanga cha munda woyandikana ndi manda. Tsiku lomwelo a manijala anatseka shedi.

Bambo a kunyumba kwanga amadwala shuga, ndipo wailesi inkanena tsiku ndi tsiku kuti anthu oterewa ndiwo kolona amawatenga msanga. Ndinasamutsira mphasa yanga kukhitchini, ndinapatula mbale yanga ndi kapu yanga. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndameza malovu kuti ndimve ngati kukhosi kukupweteka, kenako ndinkanunkhiza sopo, popeza tinamva kuti wogwidwa ndi matendawa samva fungo. Vuto linali lakuti chifuwa cha m'shedi sichichoka msanga. Chikandigwira ndinkathawira kuseri kwa nkhokwe. Tsiku lina bambowo anandipeza konko.

"Amayi, mukubisa chiyani kuseri kuno?"

"Ndi fumbi la fodya chabe, abambo."

"Ngati ndi fumbi, bwanji osatsokomolera pabwalo ngati kale?"

Anabwerera kukakhala pakhonde, ndipo tsiku lonse sitinalankhulane, aliyense akumvetsera mnzake mmene akupumira.

Patapita masiku asanu ndi anayi, a kapitawo anabwera pa njinga. Sanatsike, anangoponda phazi limodzi pansi kumalire a bwalo. Anati shedi itsegulidwa Lolemba, fodya wayamba kuonongeka pamulu ndipo msika sudikira munthu. A manijala akufuna ndipite Loweruka ndikaone mmene akonzera, ndikasayine pepala loti malo ali bwino. Madzulo ake kunabweranso azimayi anayi a kwa matenanti. Anakhala pansi patali nane, ndipo wamkulu wawo analankhula mosazungulira.

"Tamva kuti shedi ikudikira dzanja lanu. Inu muli ndi nkhokwe, ife tilibe. Shedi ikakhala yotseka phoso sililandiridwa. Musatiphe ndi njala poopa kuti tifa ndi chifuwa."

Phoso ndi chimanga chimene esiteti inkapereka Loweruka lililonse kwa amene agwira ntchito sabata imeneyo. Ndinkadziwa kuti sakunama.

M'mawa mwake ndinakwera pachulu cha kumunda, pomwe foni imagwira bwino, n'kuimbira mkulu wa bungwe lathu ku boma. Ndinkayembekezera kuti anena kuti akubwera. Anayankha ndi mawu otopa, akudukizadukiza. Ofesi yawo inali yotseka, iwonso anali chigonere. Anandiuza kuti lamulo likundilola kukana kusayina ngati ndikuona choopsa, anandiuza zoti anthu atalikirane, asambe m'manja, avale mamasiki. Ndinawafunsa kuti nanga ndidzamusiyanitsa bwanji wodwala ndi wosadwala, poti m'shedi tonse timatsokomola.

"Amayi, zimenezo ngakhale ine sindikudziwa. Maso athu kumeneko ndinu."

Loweruka ndinapita. A manijala, munthu wa kumpoto amene ankanditchula kuti amama, anandipatsa makiyi atatambasula mkono, iwo n'kutsalira panja. Ndinakankha chitseko. Fungo la fodya wotsekeredwa linandiwomba kumaso. M'katimo munali zii. Belo limene bambo aja anatsamira linali pomwepo, losasokedwa, chingwe chikulendewera. Kapu ija inali pamwamba pa mgolo, pamene ndinaisiya ine ndemwe. Ndinaima pakati pa mabenchi ndikupuma pang'onopang'ono, chitenje nditatseka nacho kukamwa. Sindinakhalitsemo.

"Mwaona, amama? Tapopera mankhwala paliponse. Sayinani apa."

"Bwana, mankhwala mwapopera pansi ndi pa mabenchi. Nanga anthu makumi anayi akadzalowa Lolemba, adzapumira kuti?"

"Ndiye mukufuna titani?"

"Zigafa zitatu zija mwatsitsamo fodya, zilibe kanthu, ndipo zilibe zipupa. Tikasankhire kumeneko."

"Yayi, amama. Fodya akakhala pamphepo asanduka fumbi. Mwini esiteti andichotsa ntchito."

Pepala lija linali likadali m'manja mwawo. Anatsitsa mawu n'kundiuza kuti mkulu wawo amuika sabata yapitayo ku Rumphi, ndipo iwo sanapite. Anati, "Mukuganiza kuti ine sindikuopa?"

Tinakambirana titaima padzuwa, motalikirana, mpaka mithunzi inafupika. Tinagwirizana kuti theka la anthu likasankhire m'zigafa, mbali yochokera mphepo atchingeko ndi mapepala apulasitiki, ndipo otsala m'shedi achotse ziguduli za m'mawindo. Ntchito iziyamba m'bandakucha, fodya akadali wofewa ndi mame, n'kuweruka dzuwa likakwera. Aliyense azibwera ndi kapu yake. Pachipata aike mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo. Tinalinso ndi chizolowezi chopemerera madzi ndi pakamwa pa fodya wouma kuti afewe, ndipo ndinati chimenecho chitheretu. Zonsezi anavomera. Koma nditafunsa kuti munthu akadwala n'kukhala kunyumba phoso lake likhala bwanji, anayang'ana kumbali.

"Zimenezo ndifunsa ku Lilongwe."

Ndinadziwa kuti limenelo si yankho. Komabe ndinasayina. Pobwerera, ndili pakati pa dambo, ndinakhala pansi pa udzu. Ndinkangoganiza kuti munthu akafa tsopano, dzina limene lili papepala lija ndi langa.

Lolemba anthu anabwera kukadali chisisira, aliyense atavala masiki osokedwa ndi zidutswa za chitenje. Moni tinkapatsana ndi maso. Ine ndinaima pachipata n'kumafunsa mmodzimmodzi kuti wadzuka bwanji, ndipo aliyense ankayankha kuti wadzuka bwino. M'zigafa munalibe nthabwala ngati kale, munkangomveka kukhwekhwereza kwa masamba. Munthu akatsokomola, mitu yonse inkatembenukira kwa iye, kenako kwa ine. Wotsokomolayo ankafulumira kunena kuti, "Ndi fumbi." Ena ankachita kumeza chifuwa mpaka misozi kulengeza. Ndikaweruka ndinkavulira zovala kubafa, kuzichapa, kusamba, ndipo ndikamalowa pabwalo bambo a kunyumba ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Sabata yoyamba inatha popanda wogwa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tapulumuka.

M'chigafa changa munali mayi wina wa ku Phalombe, mkazi wa tenanti, wa ana atatu. Tinali titakhala benchi limodzi zaka zitatu ndipo tinkagawana chinangwa ndi mbatata pa nthawi yopuma. Pa luso losankha fodya panalibe womuposa. Fodya wochita chuku ankamuzindikira ndi mphuno mtolo usanamasulidwe n'komwe. Lachitatu la sabata yachiwiri ndikudutsa kumbuyo kwake, ndinamva fungo la chuku lamphamvu ndithu, lopyoza masiki. Nditayang'ana ndinaona kuti akusanja masamba ochita chuku pamodzi ndi abwino, alibe nazo n'kanthu komwe. Ndinatola tsamba limodzi n'kumuonetsa kunsi kwake. Analiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine, ndipo m'maso mwake ndinaona kuti akudziwa chimene ndadziwa.

Pa nthawi yopuma ananditsatira kuseri kwa chigafa.

"Achemwali, musandilembe."

"Zayamba liti?"

"Lamulungu. Ndinathira mchere kawiri m'ndiwo, osamva kanthu. Koma thupi silikutentha, mutu wokha. Mphamvu ndili nazo, mwaona nokha mmene ndikugwirira ntchito."

"Mukudziwa kuti ndiyenera kunena."

"Mukanena abwera azoyera aja adzanditenge. Ine kwathu n'kutali. Ndikafera kuchipatalako adzandikulunga m'pulasitiki n'kundikwirira kuno, mayi anga osaona ngakhale manda. Nanga ana adya chiyani Loweruka? Ndikupemphani, achemwali. Ndizikhala kumapeto, sindiyandikira munthu."

Anafuna kundigwira mkono, ine ndinabwerera m'mbuyo. Anaona zimenezo ndipo anagwetsa dzanja lake.

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo sindibisa. Ndinamusiya kuti amalize tsikulo. Ndinabwerera pamalo panga, manja akusankha fodya koma maso ali pa iye. Pafupi naye pankakhala mayi ena achikulire a m'mudzi mwathu, amene ntchito yawo inali kumanga timitolo. Mayiwo makutu anali ovuta, choncho ankasendera pafupi akafuna kumva zimene mnzawo akunena, masiki atatsitsira pachibwano. Ndinawaona akusendera kawiri, katatu. Ndinkafuna kuimirira n'kukuwa, koma ndinangokhala mpaka belu lowerukira linalira.

Kunyumba ndinawafotokozera bambo aja, ine ndili pakhomo la khitchini, iwo ali pakhonde. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye mukufuna ine ndinene chiyani? Anakusankhani kuti muzinena zimene ena akuopa kunena. Mukamubisa, mawa mubisanso wina. Kenako mudzabwera nazo kuno."

Sananene mokalipa, koma mawu otsirizawo anandilowa.

M'mawa mwake ndinalawirira n'kukamudikira pa kanjira kochokera kwa matenanti. Atandiona anaima. Ndinamuuza kuti abwerere kunyumba, ndipo kuti ndikupita kukawauza a manijala. Sanatsutse, sanalire. Anangoti, "Ndimayesa ndinu m'bale wanga," n'kutembenuka.

A manijala anaimbira a zaumoyo, ndipo masana kunabwera awiri pa njinga yamoto. Anamuyeza mayi uja pamodzi ndi onse a m'chigafa chathu, ine ndemwe. Kamtengo koyezera akakalowetsa m'mphuno kamafika ngati kukubaya ubongo. Zotsatira zake zinaonetsa kuti mayi wa ku Phalombe uja ali ndi kolona, ndi anthu ena awiri. Ine ndinalibe. Sanatengedwe ndi aliyense, anangouzidwa kuti akhale m'nyumba masabata awiri, apite kuchipatala pokhapokha mpweya ukayamba kuvuta. Koma nkhani inafika m'midzi itasintha kale. Anthu ankati ine ndimalandira kenakake kuchokera ku boma pa munthu aliyense amene ndamupereka. Kumjigo azimayi ankandisunthira ndowa zawo, ena poopa matenda, ena chifukwa cha mkwiyo. Mwamuna wa mayi uja anabwera kwathu n'kuima kumalire a bwalo, chipewa chili kumutu.

"Mwatichititsa manyazi, anzathu akutithawa ngati akhate. Loweruka latha sitinalandire kanthu. Mkaziyo akafa, mudzamunyamula nokha mpaka ku Phalombe."

Bambo a kunyumba kwanga anaimirira, koma ndinawakodola kuti akhale. M'mawu a munthuyo ndinamva mantha omwe aja amene ndinali nawo ine.

Lolemba ndinapita kwa a manijala kukafunsa za phoso la odwala atatu aja. Anandiuza kuti ku Lilongwe ayankha kuti wosagwira ntchito salandira, lamulo la esiteti ndi lomwelo kuyambira kale. Nditatuluka muofesi sindinapite kuchigafa. Ndinapempha a kapitawo kuti aimbe belu. Anakana, choncho ndinaliimba ndekha. Anthu anatuluka n'kuima motalikirana pansi pa mitengo ya bulugamu, ambiri nkhope zili zokwinya, chifukwa panthawiyo ochepa okha ndiwo ankandiyankha moni.

Ndinawauza kuti zoti ndimalandira kanthu n'zabodza, koma sindingawakakamize kundikhulupirira. Ndinawauza kuti anzathu atatu amanidwa chakudya chifukwa chodwala. Kenako ndinati, "Ine ndikadwala mawa, podziwa kuti ana anga agona ndi njala, ndibisa. Inunso mubisa. Ndiye tizikhala benchi limodzi, tonse tikunena kuti ndi fumbi, mpaka wina adzagwenso pa jeke paja. Ine ndikhala pansi pompano mpaka phoso la odwala lituluke. Amene akufuna kukagwira ntchito apite, sindimuletsa."

Ndinakhala pansi. Sindinayang'ane munthu, maso anali pa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi phazi langa. Ndinkadziwa kuti ngati onse abwerera m'zigafa, ine ntchito yandithera, ndipo palibe wa ku boma amene angabwere kudzandiyankhulira. Ndinamva mapazi a anthu angapo akupita. Kenako mayi wamkulu wa kwa matenanti uja, yemwe anabwera kwathu kudzandiuza kuti ndisawaphe ndi njala, anayala chitenje chake pansi n'kukhala. Azimayi anzake anatsatira. Amuna a pa jeke anavula zipewa n'kukhala pa mizu ya mitengo. Amene anapita aja, ataona kuti ali okha, anabwerera mmodzimmodzi.

Dzuwa linkakwera, ndipo tonse tinkadziwa kuti fodya amene tinamuyala m'mawa uja akuuma. A manijala anatuluka kawiri, kutiyang'ana, n'kulowanso. Tinkawamva akulankhula pa foni, nthawi zina Chingerezi, nthawi zina mawu atakwera. Cha m'ma leveni anatuluka n'kuima pakhonde la ofesi.

"Odwala azilandira phoso masabata awiri, bola a zaumoyo atsimikize. Tsopano kafunditseni fodya uja asanatheretu."

Panalibe wowomba m'manja. Tinangodzuka n'kusasa fumbi. Koma tisanafike n'kuzigafa komwe, mayi wina anandiyandikira n'kunong'ona kuti thupi lakhala likumutentha kuyambira Lachisanu. Pambuyo pake panabwera bambo wina wa pa jeke, kenako azimayi ena awiri. Anthu anayi m'mawa umodzi. Onsewa ndinkawafunsa pachipata tsiku ndi tsiku, onse ankati adzuka bwino. Tsiku limenelo ndi limene ndinaopa kwambiri kuposa masiku onse, chifukwa ndinazindikira kuti matendawo takhala tikusankha nawo fodya limodzi nthawi yonseyi.

Mayi achikulire omanga timitolo aja anadwala sabata yomweyo. Iwo zinawavuta, anawatengera ku boma n'kukawaika pa mpweya wa m'botolo. Masiku onse amene anali kumeneko, ndikamva galimoto ikubwera mumsewu wa kumudzi ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera ngati ikhotera kumanda. Bambo a kunyumba ankandiuza kuti mayiwo anakhala pafupi ndi wodwala kuyambira Lolemba, theka la tsiku limene ndinachedwa lija silingakhale ndilo linawadwalitsa. Mwina n'zoona. Palibe angandiuze motsimikiza. Anatuluka patatha masabata atatu ataonda kwambiri, ndipo mpaka lero akayenda pang'ono amaima kuti apume. Kushedi sanabwererenso.

Mayi wa ku Phalombe uja ndinkamupititsira nkhuni, mandimu ndi ufa pang'ono. Ndinkazisiya pa chitsa china patsogolo pa nyumba yake n'kuodira ndili patali. Zinthuzo zinkatengedwa, koma iye sanatulukepo kudzandiyankha. Atachira anabwerera kuntchito ndipo anapempha a kapitawo kuti amusamutsire chigafa china.

Chakumapeto kwa nyengo, tsiku lina ndinadzuka thupi likuphwanya, mutu ukuwaza, mano akugundana. Ndinawauza bambo aja kuti asandiyandikire. Ndinakwera kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ndikupemphera njira yonse, osati kuti ndichire koma kuti ndisakhale nditawapatsira iwo. Anandiyeza zonse ziwiri, m'mphuno ndi pachala. Namwino atabwera n'kunena kuti ndi malungo, ndinaseka mpaka misozi. Anandiyang'ana ngati wamisala. Anati chiyambire ntchito yake anali asanaonepo munthu wokondwera ndi malungo.

Tinamaliza kusankha mochedwa ndi mwezi wathunthu poyerekeza ndi zaka zina, ndipo fodya wambiri anatsika giredi chifukwa chothetheka. Pa anthu a m'shedi, amene tinamutaya ndi bambo a pa jeke aja okha. Sindinena kuti ndi nzeru zanga, chifukwa pa esiteti zina pomwe sanasinthe kalikonse anthu anapulumukanso, pomwe kwina anaika maliro angapo. Matenda aja ankasankha okha.

Mabelo otsiriza atapita, lole inabwera kudzatenga matenanti obwerera kwawo. Ndinapita kukaima pachipata. Anthu ankakweza mitolo, mapoto, nkhuku zomangidwa miyendo. Mayi uja anali atakwera kale, atakhala pa thumba kumbuyo kwenikweni, mwana wamng'ono ali pamiyendo. Ndinayandikira n'kumufunsa ngati fungo linabwerera.

"Pang'ono. Koma chilichonse chimanunkha ngati chopserera. Fodya sindimumvanso ngati kale."

"Mubweranso chaka chamawa?"

"Bambo akuti tikayese kwina."

Anakonza kansalu kumutu kwa mwana uja, kenako anati, "Nkhuni zija zinkafika." Ndinagwedeza mutu. Dalaivala analiza injini, utsi unatikuta, ndipo lole inatuluka pachipata n'kukhotera njira ya ku boma.

Chaka chotsatira kunabwera matenanti ena a ku Phalombe komweko. Ndinawafunsa za iye, ndinatchula mudzi wake ndi dzina la mwamuna wake. Mmodzi anati akuganiza kuti banja limenelo linapita ku Mozambiki kukalima nandolo, wina anati ayi, ali ku Mchinji pa esiteti ina. Sanagwirizane, ndipo a kapitawo anali akuitana kale mayina kuti anthu akalandire makasu.